Batani lopanda dzina

Make Anapiye anakhala m'mphepete mwa bedi, foni ili m'manja, n'kudina batani la pansi penipeni pa tsamba la pa foniyo. Batanilo linali lofiira, linatembenuka n'kukhala lobiriwira monga linkachitira masiku onse. Anakweza maso kuyang'ana kababu kamene kanali pawindo, kuseri kwa katani. Kanali chithimire. Anadikira mpaka foni inada yokha, n'kuiponya m'thumba la epuloni, n'kutuluka kukatsuka zomwera za nkhuku.

Sanalire. Kulira anamaliza kalekale, kukwiya nakonso kunabwera n'kupita. Chimene chinatsala ndi dzanzi longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ngakhale uutsine sumva kanthu. Ankadya, ankagona, ankayankha akaitanidwa. Batani lija ankalidinabe masana alionse, osati poyembekeza kanthu ayi, koma chala chinali chitazolowera.

Dzina loti Make Anapiye anam'patsa ndi anthu a mumsewu wawo, poona mtsikana wamkulu ndithu, wosakwatiwa, wopanda mwana, koma kukacha ali kukhola kunyengerera tinkhuku. Kholalo linali la achimwene ake, amene anamulera makolo atamwalira ndipo sankalola kuti aiwale zimenezo. Ndi achimwenewo amene anabweretsa Mawaya pakhomo, ndiye pa zonse zimene zinatsatira adzifunse okha.

Mawaya anali mnyamata wokonza mawailesi ndi mafoni kumapeto kwa msika, wa matumba osatha kutuluka timawaya. Anamuitana kuti akonze zoti nyali zotenthetsa anapiye, pampu ya madzi ndi fani ziziyatsidwa pa foni, munthu ali kulikonse. Anabwera ndi kakompyuta kokwana m'chikhatho, kokhala ndi timapini tachitsulo toima m'mizere iwiri ngati mano a chipeso. Anakakhomera m'kabokosi pakhoma la khola.

"Pini iliyonse ili ndi ntchito yake," anamuuza Make Anapiye tsiku loyamba. "Mukadina batani pa tsamba ili, kakompyuta kamatumiza mphamvu pa pini, pini imadzutsa swichi, swichi n'kuyatsa nyali. Tadinani apa."

Anadina, nyali zonse zinayaka, iye n'kudumpha. Mawaya anaseka mpaka kukhosomola. Ntchito yoti akanaimaliza Lachiwiri anaikoka mpaka mwezi kutha, lero ati waiwala tepi, mawa ati waya wina ngwaufupi.

Achimwene sanali akhungu. Anawapeza tsiku lina mitu itagundana pa foni imodzi, ndipo madzulo ake mlandu unazengedwa.

"Munthu wogona m'shopu pakati pa mawailesi akufa, adzakuika pati? Pashelefu? Ndisadzamuonenso pano, ndipo iwe kumsika wasiya kupita."

Nambala ya Mawaya anaifufuta. Foni inali ya bizinesi, choncho ankaipenda madzulo alionse ngati wapolisi. Koma tsamba la khola sakanalichotsa, ndipo aliyense amene anakondapo m'nyumba ya eni ake akudziwa kuti chikondi choletsedwa chimachenjera kuposa woletsayo. Tsiku limene Mawaya anabwera kudzatenga zida zake, anakoka waya wopyapyala kuchokera pa pini yotsala mpaka pawindo la Make Anapiye, n'kuikapo kababu. Anauza achimwene kuti n'kosonyeza ngati kukhola kuli magetsi. Pansi pa tsamba anawonjezera batani lopanda dzina, loyatsa babu ina patebulo lake kushopu. Mtsikana akadina, kwa Mawaya kumayaka. Mawaya akadina pa foni yake, pawindo pamayaka. Tanthauzo linali limodzi basi: ndilipo, ndikufunabe nyumba, usataye mtima.

Zinayenda choncho mpaka nyengo yozizira itafika, pamene kababu kanathima osayakanso. Ngati kuti tsoka limodzi silikwana, masiku omwewo fani nayo inayamba misala, kumangozungulira yokha masana popanda woilamula. Anapiye ang'onoang'ono anazizidwa, ena anafa ataunjikana pakona. Make Anapiye anawatola mmodzimmodzi, n'kuithimitsa faniyo pasoketi ya pakhoma kuti isadzayerekezenso.

* * *

Chinsinsi cha kababu anauza munthu mmodzi yekha, msuweni wake, mwana wa azakhali, amene anabwera kudzaphunzira zomanga tsitsi ndipo ankathandiza kukhola. Msuweniyo anali ndi tsamba lija pa foni yake, kuti nyali zisasowe woyatsa. Anali kamtsikana ka pakamwa potsekemera, kodziwa kulira nawe ukamalira. Kababu katathima, Make Anapiye anatuma iyeyo kumsika kuti akaone ngati Mawaya akudwala.

"Mwadinanso?" anafunsa msuweni tsiku lina, atamupeza pampopi. "Achemwali inu, chala chidzakutherani."

"Ndadina."

"Ndinakuuzani ine. Munthu uja ali bwinobwino, akuseka ndi makasitomala, wanenepa n'kunenepa. Ndinatchula dzina lanu, anangoti ali ndi ntchito yambiri. Inu mukuuma ngati chikuni chifukwa cha munthu amene sakukuwerengerani."

Make Anapiye anapitiriza kupukuta chomwera chimene chinali chouma kale.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achemwali. A Matumba ali pamphuno. Winayo ngwa mphepo."

A Matumba anali ogulitsa chakudya cha nkhuku, mnzawo wa achimwene, bambo wa mimba yake amene mkazi wawo anamwalira zaka zapitazo. Ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sanali munthu woipa, ndipo vuto linali lomwelo, chifukwa munthu woipa umamukana mosavuta.

Anabwera Lamlungu masana. Achimwene anawakhazika pampando wabwino, n'kuitana mlongo wawo kuti abweretse tiyi ndipo akhale pomwepo. A Matumba analankhula za mtengo wa gaga mpaka tiyi anazizira, kenako anapukuta thukuta n'kutembenuka.

"Ine mawu a maluwamaluwa sindiwadziwa, mayi. Nyumba ilipo. Kuseri kuli malo, mukhoza kumanga khola lanulanu, osati la achimwene anuwa. Sindimwa, sindimenya. Kuliza mkonono ndiye ndimaliza, ndisakunamizeni."

Achimwene anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Make Anapiye anali akuyang'ana kabowo ka pansalu ya patebulo, pamene wina anagwetserapo khala la moto. Anadabwa kuti sanakaonepo n'kale lonse.

"Akufunsa iwetu," anatero achimwene.

Anafufuza mumtima mwake kuti apeze chokanira. Munalibe kanthu, ngakhale mantha.

"Chabwino," anatero.

Achimwene anaomba m'manja kamodzi. A Matumba anati atumiza akwawo kuti adzaonane ndi akuno. Msuweni, amene anali kuseri kwa chitseko nthawi yonseyi, anamukumbatira kukhitchini n'kugwetsa misozi yeniyeni.

* * *

Kutentha kunabwera mosagogoda. Tsiku lina kusanafike n'komwe masana, nkhuku zinali zitatambasula mapiko, kukamwa yasa, zina zitagona chammbali pautuchi. Make Anapiye anayatsa soketi ija pakhoma, n'kudina batani la fani. Linasanduka lobiriwira. Fani inali phee. Anadinanso, kuthimitsa, kuyatsa, koma mapiko a fani osagwedezeka.

Achimwene anathamangira wamagetsi wa mumsewu womwewo. Bamboyo anatsegula kabokosi, anayang'ana timapini, n'kutsekanso mwaulemu.

"Ine ndimadziwa magetsi a anthu, bwana. Izi muitane mwini wake."

Achimwene anazungulira bwalo kawiri, anayang'ana nkhuku zawo, n'kumeza malovu. Anamuimbira foni Mawaya.

Mawaya anafika ndi chikwama chake chakale. Make Anapiye anaona lamba wake poyamba. Anali ataboola bowo latsopano ndi msomali, ndipo buluku linali kulendewerabe. Uyu ndiye munthu amene msuweni anati wanenepa. Mnyamatayo anapereka moni kwa achimwene, n'kuweramitsa mutu cha kumene kunali mtsikana osamuyang'ana.

"Tsamba likuti fani yayaka, fani ili duu," anatero achimwene. "Ndiye chinthu chakochi n'chabodza."

"Si chabodza, bwana. Tsamba limangonena zimene lauzidwa. Mwadina, lalamula pini, pini yamvera, basi latembenuka mtundu. Lilibe maso oonera ngati pa piniyo pali waya kapena ayi."

Anatsegula kabokosi n'kuyamba kuyendetsa nsonga ya cholembera pamwamba pa timapini, milomo ikugwedera. Anaima. Anabwerera poyambira, n'kuimanso pomwepo. Kenako analowetsa zala kuseri kwa kakompyuta n'kutulutsa waya wachikasu wodzaza fumbi, amene wina anamupinda n'kumubisa.

Kugeti kunalira hutala. Anali wogula nkhuku wa kumalo odyera, munthu wosadikira. Achimwene anayang'ana awiriwo, anayang'ana kugeti, n'kuloza mlongo wawo ndi chala.

"Ndikubwera pompano."

* * *

Anatsala awiriwiri m'khola.

"Pozula munazula bwino," anatero Mawaya, maso ali m'kabokosi. "Koma munazula awiri, ndipo pobwezera wa fani munaphonya pini. Timapiniti timafanana, timafuna kuwerenga."

Anamutcha inu. Mawu amenewo anadutsa ngati anenedwa kwa munthu wina.

"Sindinatsegulepo bokosi limenelo."

"Mukanangonditumizira mawu kuti ndisiye. Ndikanamva."

"Ndikuti sindinalitsegulepo."

Apa ndiye anamuyang'ana. Anakweza waya wachikasu uja.

"Uyu ndi wa babu ya pawindo lanu. Sali pa pini iliyonse. Pamalo pake pali wa fani."

Anatulutsa foni yake, anazengereza, n'kudina batani limene linali lake yekha. Fani inalira, inayamba kuzungulira, utuchi n'kuuluka. Nkhuku zinakweza mitu.

Make Anapiye anaima mumphepomo, epuloni ikukupiza. Anakumbukira tianapiye tija touma pakona, ndi mmene anakanikizira soketi mwaukali.

"Inkazungulira yokha," anatero pang'onopang'ono. "Nyengo yozizira ija. Masana. Anapiye anafa, ine ndinaithimitsa pakhoma."

"Ndinali ine. Ndinkakuyankha."

"Tsiku lililonse?"

"Ukangodina. Ndinkaisiya chiyakire kuti ukalowa kuchipinda uipeze."

"Ine kababu sindinakaonenso katayaka. Ndinkayesa wandisiya. Koma kudina sindinasiye, ngakhale dzulo ndadina."

Mawaya anatsitsa foni.

"Dzulo unali iwe?"

"Akanakhala ndani?"

Mnyamatayo anakhala pathumba la chakudya ngati miyendo yamukana. Anagwira mutu ndi manja onse awiri, ndipo polankhula ankalankhula ndi utuchi wa pansi.

"Msuweni wako anabwera kushopu. Anati wavomera a Matumba, ndipo babu unaizula wekha kuti ndisakusokoneze. Ndinakana. Ndinamuonetsa ya patebulo langa, ndinati nanga iyi ikuyaka bwanji masana alionse? Anatulutsa foni yake, tsamba lomweli, n'kudina pamaso panga. Babu inayaka. Anati ndine amene ndimadina, achemwali anasiya kalekale, ndimangokumverani chisoni kuti musakhale mumdima." Anakweza mutu. "Kuyambira tsiku limenelo sindinayankhenso. Ikayaka ndinkati ndi iye."

Make Anapiye anayang'ana chala chake. Masana onse aja ankakhala pabedi n'kumadinira mnzake, kumufunsirira mwamuna ndi dzanja lake lomwe. Makiyi a khola anali nawo anthu atatu, ndipo achimwene sankadziwa kuti kababu kali ndi tanthauzo.

"Nthawi imeneyo ndinali ndisanavomere," anatero.

"Nanga pano?"

"Ndinavomera."

Amene anakhalirapo mwendo akudziwa kuti dzanzi silipweteka. Ululu umabwera likamatha. Unamugwera wonse nthawi imodzi, iye n'kugwira mtengo wa khola. Ankamukonda mnyamata woonda ameneyu, ndipo zinamupweteka kwambiri kuti chikondicho sichinachepe ngakhale pang'ono.

"Ndikhoza kukana," anatero mofulumira. "Akwawo sanabwere. Achimwene andithamangitse ngati akufuna, ndikagona pashelefu pomwepo. Iwe ungonena."

Ankayembekeza kuti adumpha. Mawaya sanadzuke pathumba paja. Nkhope yake inali ya munthu amene wagwetsa mbale ya eni ake.

"Pali china choti udziwe. Ine ndinali nditasweka mtima, ndipo msuweni wako ankabwera pafupifupi tsiku lililonse. Amayi anga anamupeza kushopu, ndiye..."

"Bwanji, yatheka?" Achimwene analowa akupukuta manja, n'kuona fani ikuzungulira. "Eya! Inali chiyani?"

"Waya anali pa pini yolakwika, bwana."

Anadzuka, anathimitsa kakompyuta, anasuntha waya wa fani n'kumuika pamalo pake, n'kuyatsanso. Make Anapiye anauzidwa kuti adine batani la fani, ndipo fani inamvera. Wachikasu uja anali akadali m'manja mwa Mawaya.

"Nanga ameneyo?" anafunsa achimwene.

"Ndi wa kababu ka pawindo kaja."

"Musiye, n'kopanda ntchito. Tiye ndikuperekeze, ndili nawe mawu."

Make Anapiye anawaona pawaya wa khola ataima kugeti. Achimwene ndi amene ankalankhula, Mawaya atazolika. Pomaliza anamusisita paphewa, chinthu chimene sanachitepo. Mtima wa mtsikana, chitsiru chosamva, unayamba kuyembekeza.

* * *

Msuweni anachokera komanga tsitsi chakudya chamadzulo chili kale patebulo, choncho mpata womukokera pambali panalibe. Anali atamanga tsitsi latsopano, lonyezimira mafuta. Anakhala moyang'anizana ndi Make Anapiye n'kumwetulira.

"Ndamva kuti fani yachira."

"Yachira," anayankha Make Anapiye, akumuyang'ana m'maso. "Wina anazula mawaya awiri n'kulephera kuwerenga mapini."

Supuni ya msuweni inaima pang'ono m'mwamba, kenako inapitiriza ulendo wake.

Achimwene anali okondwa, ndipo akakondwa ankalankhula chakudya chili m'kamwa.

"Mnyamata uja manja ali nawo, zimenezo ndisamunyoze. Ndiye tamverani. Dzana amalume ake anandipeza kusitolo kwa a Matumba, ati akufuna kudzaonekera pakhomo pano."

Make Anapiye anaika supuni pansi.

"Ine ndinatsala pang'ono kuwalalatira, ndimayesa akunena iweyo. Ndinati mlongo wanga ali ndi mwini kale. Iwo akuti ayi, tikunena wamng'onoyo, womanga tsitsi, mayi ake a mnyamata anamukonda kale." Analoza msuweni ndi supuni. "Kachetechete iwe! Ndinawauza kuti ndiganize kaye, ndiye lero ndamuona ndekha ndipo ndamuuza kuti abwere. Kwa iwe, Make Anapiye, sakanakwana. Koma awa ndi ana okhaokha, akayambire limodzi pansi. Azakhali ndawaimbira, akondwa mpaka kulira."

Kunja fani inali kulirabe.

"Ndiye tichite chonchi," anapitiriza achimwene. "Onse abwere Loweruka limodzi, akwawo kwa a Matumba m'mawa, akwawo kwa Mawaya masana. Tisaphe nkhuku kawiri. Iwe mawa usankhe zonenepa, umazidziwa ndiwe."

Make Anapiye anatsegula pakamwa. Mawu analipo tsopano, ochuluka, koma kuti anene chimene msuweni anachita ankayenera kuyamba ndi kababu, ndi batani lopanda dzina, ndi miyezi yonse imene ananamiza achimwene m'nyumba yawo yomwe. Msuweni ankadziwa zimenezo. Anapukuta milomo, anakweza maso ake ofatsa aja, n'kutambasula dzanja kugwira la mkulu wake pamwamba pa tebulo.

"Mundithandiza kusankha chovala, eti achemwali? Mtundu umene amaukonda mumaudziwa ndinu."